Kutapa signal ndi kuwala: momwe ma pulse afupiafupi a laser amakulitsira bandwidth

Chida chosandutsa signal ya magetsi kukhala manambala, chomwe amisiri amachitcha ADC, chili ndi ntchito ziwiri. Choyamba chimatapa: pa kamphindi koikika chimasuzumira kuti voteji ili pati. Kenako chimayeza chomwe chatapacho n'kulemba nambala. Kuyezaku magetsi amakutha bwino. Kutapa ndiko kumavuta signal ikathamanga kufika pa 30 kapena 40 GHz, ndipo apa m'pomwe kuwala kumalowererapo. Mu photonic sampling, chotapa ndi kung'anima kwa laser kwakufupi kwambiri, komwe timati pulse, pomwe kuyeza ndi kulemba manambala kumatsalabe m'manja mwa magetsi.

Nthawi zomwe tikunena apa ndi zazing'ono zedi. Picosecond, yolembedwa ps, ndi sekondi yogawidwa ka 1,000,000,000,000. Femtosecond, yolembedwa fs, ndi picosecond yogawidwanso ka 1,000. Mu picosecond imodzi kuwala kumayenda mamilimita 0.3 mu mpweya, 0.2 m'kati mwa faiba. Pulse ya 100 fs kutalika kwake ndi mamilimita 0.03, kosafika pa kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amakonda kuzisakaniza, ndipo wozisakaniza amagula zipangizo zosayenera. Bandwidth ya chotapira ndi frequency yapamwamba yomwe ingalowe isanafooke. Sample rate ndi kuchuluka kwa masampulo pa sekondi. Lamulo la Nyquist ndi Shannon limati sample rate ipose kuwirikiza kawiri m'lifupi mwa chigawo cha frequency chomwe mukufuna kulemba. Pulse yayifupi imakulitsa bandwidth basi. Chida cha 2 GSa/s, kutanthauza masampulo 2 biliyoni pa sekondi, chingathe kuona signal yokhala pa 40 GHz, bola m'lifupi mwake musapose 1 GHz, ndipo njira imeneyi ndiyo undersampling. Koma mukafuna zonse kuyambira pansi mpaka 40 GHz pa nthawi imodzi, pafunika masampulo oposa 80 biliyoni pa sekondi, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yomwe tiifikira kutsogoloku.

Pomwe magetsi amagonja

Wotchi yolamula kutapa siimenya pa nthawi yeniyeni ndendende. Pena imafulumira pang'ono, pena imachedwa, mosadziwika bwino. Kunjenjemera kwa nthawi kumeneku ndi jitter. Signal ikakhala yoyenda pang'onopang'ono, kuchedwa kwa 100 fs sikusintha kanthu, chifukwa voteji imakhala isanasunthe. Ikakhala yothamanga, m'kamphindi komweko voteji yapita kale kwina, ndiye nambala yolembedwa imakhala yolakwika, ndipo palibe samu yoikonzera pambuyo pake popeza palibe akudziwa kuti wotchi inaphonya motani.

Kawerengedwe kake nkosavuta: SNR = −20 log(2π × f × σ), SNR kukhala mlingo wa momwe signal ikuposera phokoso, woyezedwa mu dB, f kukhala frequency ndipo σ kukhala jitter. Kuti mupeze ma bit enieni, omwe amatchedwa ENOB, chotsani 1.76 pa SNR n'kugawa ndi 6.02. Jitter ya 100 fs pa 10 GHz imapereka 44 dB, omwe ndi ma bit 7. Jitter yomweyo pa 40 GHz imapereka 32 dB, ma bit 5 okha. Frequency ikawirikiza kawiri, bit imodzi yapita. Mukatsitsa jitter kufika pa 10 fs, pa 40 GHz pomwepo mupeza 52 dB, ma bit opitirira 8. Robert Walden wa ku HRL Laboratories, m'kalembera wake wa ma ADC wa mu 1999, anaonetsa kuti zida zambiri zothamanga zimagunda khoma lomweli la jitter. Ma ADC a magetsi abwino kwambiri akhala akufika pa jitter ya pakati pa 50 ndi 100 fs, ndipo kutsika kuchoka pamenepo kwakhala kwapang'onopang'ono.

Laser ya mtundu wa mode-locked ili kutali kwambiri ndi manambala amenewa. M'kati mwake mumazungulira pulse imodzi, ndipo ikamaliza mzungulo uliwonse kachigawo kake kamatuluka. Phokoso lobadwira m'chokulitsira kuwala limakankha pulse ija uku ndi uku, koma popeza mphamvu yonse yaunjikana m'kanthawi kochepa, m'mbali mwake ndi motsetsereka kwambiri ndipo pakati pake sipasuntha msanga. Pulse ikafupika ndi kukhala ndi mphamvu zambiri, jitter imatsika. Mu 2012, gulu la Franz Kärtner ku MIT linayeza jitter ya ma attosecond 13 pa laser ya Ti:sapphire, pomwe attosecond ndi femtosecond yogawidwa ka 1,000. Ma laser a faiba ya erbium, omwe ndi osavuta kunyamula ndipo amawala pa 1550 nm ngati zida za intaneti, amafika pansi pa 1 fs akakonzedwa bwino.

Chenjezo pa manambala a jitter ndi ili: nambala yopanda malire a frequency omwe anayezera ilibe tanthauzo. Laser yosamangidwa imakhala bata pa nthawi yayifupi koma imasochera pang'onopang'ono chifukwa cha kutentha ndi kugwedezeka. Ndiye amaimangirira ku wotchi ina kudzera pa piezo, kachipangizo kosuntha ndi voteji, yomwe imatalikitsa kapena kufupikitsa njira ya kuwala. Loop yomangirayo ikakhala yothamanga kwambiri, phokoso la wotchi ya magetsi limalembedwa pa laser, ndipo phindu lonse latayika. Malire a loop muwaike pomwe phokoso la ziwirizi limadutsana, komwe kawirikawiri ndi pa ma kHz ochepa.

Njira yomwe pulse imayenda

Pulse ikachoka mu laser imalowa mu modulator, chida cholemba voteji pa kuwala, ya mtundu wa Mach-Zehnder. M'menemo kuwala kumagawika m'njira ziwiri, voteji ya signal imasintha liwiro la kuwala m'njirazo, kenako zikakumananso kuchuluka kwa kuwala kotuluka kumatengera voteji ija. Motero pulse iliyonse imatuluka itasenza mlingo wa voteji ya pa kamphindi komwe inadutsa. Kutapa kwathera pomwepo. Chotsala ndi kuyeza mphamvu ya pulse, ndipo photodiode, yomwe imasandutsa kuwala kukhala magetsi, ndi ADC ya magetsi zikhoza kuchita zimenezi mosathamanga, chifukwa mphamvuyo siisinthanso. Jitter ya wotchi ya magetsi siipwetekanso kwenikweni, popeza ADC imayeza pansonga pa pulse yotambasuka, pomwe voteji imakhala ngati yaima.

Lingaliroli ndi lakale. Henry Taylor anafotokoza ADC yogwiritsa ntchito ma modulator a kuwala mu 1975, ndipo mu 1982 Valdmanis, Mourou ndi Gabel ku yunivesite ya Rochester anayeza signal zamagetsi zofulumira ndi ma pulse a laser. Chomwe chinachedwa ndi zipangizo zoti zonse zigwirizane.

Pulse ifupike kufika pati

Pulse ili ngati zenera lotseguka kwa kanthawi. Voteji ikasintha zenera lili chitsegukire, chotuluka ndi pakatikati pa zonse zomwe zinadutsa, ndipo frequency zapamwamba zimafafanizika. Pa pulse ya maonekedwe a Gaussian, signal imafooka ndi 3 dB pa frequency ya 0.31 kugawa ndi kutalika kwa pulse. Pulse ya 10 ps imapereka 31 GHz. Ya 3 ps imapereka 104 GHz, ya 1 ps 312 GHz, ya 200 fs kupitirira 1,500 GHz.

Manambalawa amakopa, koma pulse siigwira ntchito yokha. Pophatikiza ndi modulator, njira yoyerekezera ndi kuwonkhetsa 1/f² ya chilichonse. Tengani modulator ya 40 GHz. Ndi pulse ya 10 ps, zonse pamodzi zimapereka pafupifupi 25 GHz, ndiye apa pulse ndiyo ikubweza zinthu m'mbuyo. Ndi pulse ya 3 ps mupeza 37 GHz. Ndi ya 1 ps, 39.7 GHz. Ndi ya 200 fs, 40 GHz. Kuchoka pa 10 ps kufika pa 3 ps mwapindula 12 GHz. Kuchoka pa 1 ps kufika pa 200 fs mwapindula gawo la GHz imodzi, koma mwadzisenzetsa mavuto ambiri a m'faiba. Mlingo wanzeru ndi woti bandwidth ya pulse ipose ya modulator katatu kapena kanayi, n'kulekera pomwepo. Laser yokha ikhoza kukhala ya ma femtosecond kuti jitter ikhale yotsika, koma pulse yofika pa modulator siyenera kukhala yayifupi chotero.

Ndipo mawu oti "yofika pa modulator" ndiwo mtima wa nkhani yonse. Kutalika komwe kwalembedwa pa pepala la laser sikuwerengedwa. Chowerengedwa ndi kutalika kwa pulse m'kati mwa modulator.

Pulse yayifupi imakhala ndi mitundu yambiri ya kuwala. Ya 200 fs pa 1550 nm imatenga m'lifupi mwa mitundu mwa pafupifupi 13 nm. M'faiba wamba ya mtundu wa SMF-28 mitundu imeneyi siiyenda pa liwiro limodzi: kusiyana kwake, komwe timati dispersion, ndi pafupifupi 17 ps pa nm iliyonse pa kilomita. Chulukitsani 17 ndi 13 ndi 0.01, muona kuti mamita 10 okha a faiba amatalikitsa pulse ya 200 fs kupitirira 2 ps. Imayamba kutambasuka isanathe ndi mita imodzi yomwe. Mu labotale mamita 10 sachedwa kukwana: isolator ili ndi michira yake ya faiba, coupler ili ndi yake, modulator nayo ili ndi mchira wa mita imodzi, ndipo chokulitsira kuwala cha EDFA chili ndi mamita angapo m'kati omwe simuwaona. Mamita 50 amafikitsa pulse ija pa 11 ps, ndiye chida chomwe munayembekeza kuti chiona 40 GHz chikuthera pa 23.

Mankhwala ake ndi kuika dispersion yotsutsana nayo pulse isanafike. Faiba ya DCF ili ndi dispersion yobwerera m'mbuyo, ya m'dera la −100 ps pa nm pa kilomita, ndiye mita imodzi ya DCF imafafaniza mamita asanu kapena asanu ndi limodzi a faiba wamba. Kachitidwe kake: lumikizani zonse monga zidzakhalire, tengani kuwala pa malo olowera modulator, kutumizeni ku autocorrelator, chida choyezera kutalika kwa pulse, kenako dulani faiba wamba masentimita 10 kapena 20 nthawi iliyonse mpaka pulse itafika pofupikitsitsa. Musaiwale kuwerengera mchira wa modulator womwe sunali m'muyezo. Ena amagwiritsa ntchito chirped fibre Bragg grating m'malo mwa DCF chifukwa ndi yayifupi, koma kuchedwetsa kwake kumakhala ndi timafunde tomwe timasiya timapulse ting'onoting'ono kutsogolo ndi kumbuyo kwa yaikulu, ndipo timeneti timatapanso signal pa nthawi yolakwika.

Vuto lachiwiri ndi mphamvu ya pansonga. Laser ya 100 MHz yotulutsa 10 mW imaoneka yofatsa, koma pulse iliyonse ili ndi 100 pJ, ndipo zikapanikizidwa mu 200 fs pansonga pake pamafika pafupifupi 450 W. Pa mphamvu yotere galasi la faiba limasintha khalidwe, ndipo m'mamita osakwana awiri pulse imayamba kudzisokoneza yokha, zomwe zimatchedwa self-phase modulation. Mitundu ya kuwala imafalikira, pulse imang'ambika, ndipo DCF singaibwezenso bwino. Choipa china n'chakuti mphamvu ya laser ikagwedezeka pang'ono, kugwedezekako kumasanduka jitter. Ndiye pulse iyende ili yotambasuka, ikulitsidwe ili yotambasuka, ifupike pomaliza penipeni. Ndi nzeru yomwe ija ya Donna Strickland ndi Gérard Mourou ya mu 1985, yomwe inawapezetsa mphotho ya Nobel mu 2018, kungoti pano ikugwira pa mphamvu zochepa.

Modulator ndiyo mpata wopapatiza

Pulse ikakhala bwino, malire enieni amatsala pa modulator. M'kati mwake signal ya magetsi imayenda pa waya wagolide pambali pa kanjira ka kuwala, ndipo ziwirizi ziyenera kuyenda limodzi. Mu lithium niobate, yomwe amapangira ma modulator amenewa, index ya kuwala, mlingo wa momwe kumachedwera m'menemo, ndi pafupifupi 2.2, pomwe ya mafunde a magetsi, popanda kukonza, imaposa 4. Kuwala kumathawa signal, ndiye pulse imadutsa zigawo zosiyanasiyana za funde n'kuziphatikiza, ngati kuti inali pulse yayitali. Popanda kukonza, modulator ya sentimita imodzi imathera pa 6 kapena 7 GHz. Opanga amaika galasi lopyapyala pansi pa mawaya ndi kunenepetsa golide kuti signal ifulumire, ndipo m'pomwe ma modulator ogulitsidwa amafikira 30 kapena 40 GHz, ndi Vπ ya ma volt anayi kapena asanu. Vπ ndi voteji yofunika kuti kuwala kuchoke poyaka kwathunthu kufika pozima. Modulator ikafupika bandwidth imakwera, koma Vπ imakweranso, ndiye signal yofooka siioneka.

Thin-film lithium niobate inamasula mfundo imeneyi. Mu 2018 gulu la Marko Lončar ku Harvard linaonetsa modulator ya mamilimita 20 ya Vπ ya 1.4 V yofika 45 GHz, ndi ina ya mamilimita 5 yofika 100 GHz pa 4.4 V. Ku ETH Zürich, gulu la Juerg Leuthold linafika 500 GHz mu 2019 ndi modulator ya plasmonic, ngakhale mtundu umenewu umadya kuwala kwambiri. Ndi zida zotere m'pomwe pulse ya pansi pa 1 ps imayamba kukhala ndi phindu.

Polumikizira magetsi pasanyozedwe. Cholumikizira cha 2.92 mm chimathera pa 40 GHz, cha 2.4 mm pa 50 GHz, cha 1.85 mm pa 67 GHz, cha 1.0 mm pa 110 GHz. Adapter imodzi ya SMA yoiwalika pakati imakwana kuwononga muyezo wonse.

Modulator ilinso ndi khalidwe lina: kuwala kotuluka kumatsata sine ya voteji, osati voteji yeniyeniyo. Mukaiimika pakati, pomwe timati quadrature, n'kuiyendetsa mpaka 0.5 radian, yomwe ndi 0.64 V pa Vπ ya 4 V, harmonic yachitatu, signal yabodza ya frequency yowirikiza katatu, imakhala 40 dB pansi pa signal, ndipo ma bit sangapose sikisi ndi theka. Kuchepetsa voteji kumatsitsa harmonic koma kumamiza signal m'phokoso. Njira yabwino, yomwe ofufuza a ku MIT Lincoln Laboratory anaikhazikitsa cha m'ma 2000, ndi kugwiritsa ntchito modulator ya makomo awiri otulukira. Mumayeza onse awiri, A ndi B, n'kuwerengera A − B kugawa ndi A + B, kenako arcsine. Kugawako kumachotsa kugwedezeka kwa mphamvu ya laser, arcsine imawongola sine ija. Mtengo wake ndi photodiode ndi ADC ziwiri pa njira iliyonse, ndiponso A ndi B ziyenera kulingana bwino. Kumbukiraninso kuti malo oimikira lithium niobate amasuntha ndi kutentha ndi nthawi, ndiye pamafunika seketi yowabweza. Harmonic yachiwiri ikayamba kukwera, yambani mwayang'ana pamenepo.

Kuchulukitsa masampulo

Laser ya faiba yozungulira mamita awiri imatulutsa ma pulse pa 100 MHz. Kuti ifike 1 GHz mzungulo uyenera kukhala masentimita 20 okha. Kufika ma GSa/s makumi angapo kumafuna kuchulukitsa ma pulse kunja kwa laser, kenako kuwagawira ma ADC angapo oyenda pang'onopang'ono.

Njira yomwe yakondedwa kwambiri ndi yogawa ndi mitundu ya kuwala. Pulse imodzi imadulidwa m'mitundu, tinene 20, mtundu uliwonse umachedwetsedwa mosiyana, kenako yonse imalowa mu modulator imodzi motsatana. Kutsogolo sefa imapatula mitundu ija, uliwonse kupita ku photodiode yake. Sefa siifuna wotchi, ndiye siionjezera jitter. Umu ndi momwe Anatol Khilo ndi anzake a ku MIT ndi Lincoln Laboratory anachitira mu 2012: mitundu iwiri, 2.1 GSa/s yonse pamodzi, ndipo anayeza signal ya 41 GHz ndi ma bit 7.0. Iwo anati zimenezi zikufanana ndi jitter ya 15 fs. Mukagwiritsa ntchito samu ya pamwamba ija mupeza pafupifupi 25 fs, kusonyeza kuti poyerekeza zida muzifunsa kawerengedwe komwe kagwiritsidwa ntchito. Ataika zigawo zina pa chip ya silicon, anapeza ma bit 3.5 pa 10 GHz, umboni woti kuchepetsa chida kuli ndi mtengo wake.

Pano pali msampha womwe umabwezera nkhani ku kutalika kwa pulse. Kudula mitundu kumatalikitsa pulse. Mukagawa 20 nm m'zigawo 20, chilichonse chili ndi 1 nm, yomwe ndi 125 GHz, ndipo pulse yake singafupike kuposa 3.5 ps. Bandwidth yake ndi pafupifupi 90 GHz. Mukagawa m'zigawo 40, pulse ikhala 7 ps ndipo bandwidth itsika kufika 45 GHz. Apa m'pomwe laser ya ma femtosecond imathandizadi, chifukwa ili ndi mitundu yambiri yogawa.

Kuchedwetsa kwa njira iliyonse kuyenera kulondola kwambiri. Milimita imodzi ya faiba ndi 4.9 ps, ndiye 10 fs ndi ma micrometer awiri, zomwe palibe angazidule ndi dzanja. Kutenthanso kumasuntha faiba ndi pafupifupi 40 fs pa mita pa digiri iliyonse. Njira ziwiri zosiyana ndi mamita awiri, chipinda chikatentha ndi digiri imodzi, zimaphonyana ndi 80 fs. Kuphonyana kwa 100 fs pakati pa njira ziwiri, pa 40 GHz, kumabala signal yabodza 38 dB pansi pa yeniyeni. Kusiyana kwa mphamvu kwa 1 peresenti kumabala ina pa 46 dB. Mwayi ndi woti zolakwika izi sizili ngati jitter: zimakhala chimodzimodzi kwa nthawi, ndiye zimayezeka ndi kukonzeka pa kompyuta. Mumalowetsa frequency yodziwika, mumapeza mphamvu ndi kuchedwa kwa njira iliyonse, n'kukonza ndi sefa ya manambala. Kuyezaku kubwerezedwe kutentha kukasintha, ndipo faiba zonse zikhale m'bokosi limodzi.

Kuwala kokwanira

Pulse iliyonse imayezedwa ndi ma photon owerengeka, ndipo kusakhazikika kwa chiwerengero chawo ndi phokoso losathawika. Pa 1550 nm, pulse ya 1 pJ ili ndi ma photon pafupifupi 7.8 miliyoni. Modulator ikayendetsedwa theka la kuzama kwake, SNR imakhala pafupi ndi 60 dB. Pa 0.1 pJ imatsika kufika 50 dB, ma bit 8. Ndiye pa 10 GSa/s, 1 pJ pa sampulo ikutanthauza 10 mW yofika pa ma photodiode, kuwala kutadyedwa kale ndi modulator ndi masefa.

Kuonjezera kuwala kuli ndi malire. Ma electron ambiri akabadwa nthawi imodzi mu photodiode, amafooketsa mphamvu yomwe imawakoka, ndiye pulse yaikulu imayezedwa mochepera ndipo mchira wake umatalika. Photodiode ya mtundu wa UTC, yopangidwa ku NTT ku Japan mu 1997, imapirira kwambiri pa zimenezi. Mchirawo uyenera kutha pulse yotsatira isanafike. Pa njira ya 1 GSa/s, kuti chotsala chichepe kufika gawo limodzi mwa 256, photodiode ndi chokulitsira chake zikhale ndi bandwidth ya pafupifupi 0.9 GHz. Ikachepa, masampulo amadontherana. Ikakula mopitirira, mwaitana phokoso ndi jitter ya wotchi ya magetsi.

Kutambasula nthawi

Pali njira ina yomwe imatenga dispersion, mdani uja, n'kumusandutsa wantchito. Bhushan, Coppinger ndi Bahram Jalali ku UCLA anaionetsa mu 1998. Pulse imatambasulidwa dala m'faiba yoyamba mpaka mitundu yake itandandalika motsatana, signal imalembedwa pa mndandandawo, kenako faiba yachiwiri yayitali imatambasulanso zonse, signal yomwe. Kutambasukako ndi 1 kuphatikiza kutalika kwa faiba yachiwiri kugawa ndi kwa yoyamba. Signal ya 100 GHz yotambasulidwa ka 20 imafika kwa ADC ngati ya 5 GHz. Mu 2007 gulu lomwelo linatambasula ka 250 ndi kufika pa mlingo wofanana ndi masampulo 10 thililiyoni pa sekondi, likuyeza signal ya 95 GHz.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Modulator wamba imabala mbali ziwiri za signal, yapamwamba ndi yapansi, ndipo dispersion imazisemphanitsa mpaka pa frequency zina zimafafanizana. Faiba yoyamba ya 100 ps pa nm, ndi kuwala kwa 20 nm, imapereka zenera la 2 ns, koma dzenje loyamba limagwera pafupi ndi 25 GHz. Kutalikitsa zenera kumatsitsa dzenjelo. Amalithawa pochotsa mbali imodzi ya signal, kapena pogwiritsa ntchito makomo awiri omwe maenje awo sagwera pamodzi, n'kuphatikiza zotuluka. Komanso chidachi chimaona m'mazenera okha. Kuti chione mosadukiza pafunika njira zingapo zolowana m'mphepete, zosokedwa pa kompyuta.

Njira yachitatu, yomwe gulu la Christian Koos ku Karlsruhe lafika nayo pa 320 GHz, imakweza signal pa kuwala, kuidula m'zigawo za frequency, n'kuyeza chigawo chilichonse ndi dzino limodzi la frequency comb. Comb imeneyi ndi mndandanda womwewo wa ma pulse, kungouona kuchokera ku mbali ya frequency. Kunja kwa labotale, radar ya gulu la Antonella Bogoni ku Pisa, yofalitsidwa mu 2014, inagwiritsa ntchito laser imodzi ya mode-locked popanga signal ndi poitapa ikabwerera.

Poyeza chida chomwe mwamanga

Lowetsani frequency imodzi yoyera, muikweze pang'onopang'ono, mukuyang'ana spectrum. Signal ikafooka msanga kuposa momwe pepala la modulator likunenera, yezani pulse polowera modulator musanakhudze china. Phokoso la pansi likamakwera pamodzi ndi frequency, ndi kutsika mukachepetsa signal, imeneyo ndi jitter. Likakhala chimodzimodzi, ndi kuchepa kwa kuwala kapena phokoso la chokulitsira. Pa signal zabodza zobadwa pogawa njira, yokwera ndi 6 dB frequency ikawirikiza ndi ya kuphonyana kwa nthawi, yosasuntha ndi ya kusiyana kwa mphamvu. Timafunde tobwerezabwereza pa mzere wa bandwidth kawirikawiri timachokera ku signal yobwerera m'mawaya kapena kuwala kobwerera pa zolumikizira, ndiye gwiritsani ntchito zolumikizira za APC, zodulidwa mopendeka madigiri 8, ndi faiba yosunga polarization kuchokera pa laser mpaka pa modulator.

Chida chopangira signal yoyeserayo nacho chikayikiridwe. Synthesizer ya pa 40 GHz nthawi zambiri imakhala ndi jitter yoposa ya laser, ndiponso ma harmonic ake. Ikani sefa yopapatiza patsogolo pake, muimangirire ku wotchi imodzi ndi laser, ndipo phokoso lake muliyeze padera kuti mudziwe gawo lomwe ndi lake pa ENOB yomwe mwapeza.